Mbale Imodzi Yosambira M'manja

Kalekalelo, mwana wanga, m'mudzi wina munagwa nthenda yotsegula m'mimba. Munthu ankadwala m'mawa, pofika madzulo anthu ali kulira.

Pamudzipo panali mwambo. Akabwera kuchokera kumanda, onse ankasamba m'manja m'mbale imodzi asanadye. Ankayamba ndi okumba manda, kenako akuluakulu, kenako amayi. Ana ankasamba pomaliza.

Akaika wamkulu, ankadwala ana. Akaika mwana, ankadwala ana ena.

Panali mayi wina, dzina lake Nankhoma, wa ana awiri. Wamwamuna, Msatero, anamwalira ndi nthendayo. Anatsala Ndaziona, kamtsikana kongosiya kumene kuyamwa.

Tsiku loika Msatero, mbale ija inazungulira. Inazungulira, inazungulira, mpaka inafika pa Ndaziona. Nankhoma anayang'ana madziwo. Anali bii, dothi la kumanda litadikha pansi. Anagwira dzanja la mwana wake.

"Uyu sasamba umu," anatero.

A Chidzanja, mkulu wa okumba manda, anadzuka. "Mayi, chisoni chisakulakwitseni. Mbale imodzi ndiye ubale wathu. Kapena mukutiyesa afiti?"

Nankhoma anawerama. Anatunga madzi a m'mbalemo ndi chikho, n'kukagwada pamaso pawo.

"Imwani, bambo."

"Ine ndimwe zimenezi?"

"Ana athu amamwa pa maliro alionse. Akatha kudya amanyambita zala."

A Chidzanja nawonso anali ataika mwana wawo wotsiriza mwezi womwewo. Anayang'ana chikhocho. Anayang'ana manja awo. Kenako ananyamula mbale ija, n'kukataya madziwo kutchire, n'kuivundikira pansi.

"Bweretsani mtsuko wa madzi abwino," anatero. "Muzitithira mmodzimmodzi. Muyambe ndi mwanayo."

Nankhoma anathira. Madzi anatsuka timanja ta Ndaziona, n'kugwera pansi, dothi n'kuwamwa. Anathiranso wina. Anathiranso wina. A Chidzanja anasamba pomaliza.

Nthenda sinathe tsiku lomwelo ayi. Ena anadwalabe, ena anapitabe. Koma timanda tating'ono tinayamba kuchepa, ndipo Ndaziona anakula mpaka kubereka ake.

N'chifukwa chake, mwana wanga, tikamasamba m'manja timathirana. Madzi amene asambitsa mnzako atha ntchito yake, asiye alowe m'nthaka. Mwambo ukamadwalitsa ana, eni ake omwewo ndiwo amaukonza.

Nthano yanga ndiye yathera pamenepa.