Mawaya Asanu, Mabowo Asanu ndi Limodzi

Mayiwo anali atangoviika bulangete m'beseni pamene foni inalira pawindo. Anapukutira thovu padilesi, msana ukudandaula, n'kuyankha. Anali mzime wawo, mtsikana amene ankaphunzira zoimbaimba kumzinda wakutali.

"Amayi, Loweruka likubwerali masana kwaya yathu ioneka pa kanema wa dishi. Ndipo pali nyimbo ina imene ndiimbe ndekha."

"Wekha? Iwe womwe unkabisala kuseri kwa chitseko alendo akabwera?"

"Ine ndemwe. Mumvere bwinobwino, amayi."

Bulangete linatsala momwemo. Mayiwo anakauza amuna awo, amene anakalambira pantchito yoonetsa mafilimu m'holo ya kanema ya m'tauni. Bambowo anaimirira ngati aitanidwa ndi mfumu.

"Mwana wanga sangatulukire m'kabokosi ka pabalazaka, komveka ngati udzudzu uli m'chitini. Akatulukira kuholo, pachinsalu chachikulu, mawu akuchokera mbali zonse."

Mwini holo anavomera, poti masana a Loweruka kunalibe filimu. Dzuwa lisanalowe bambowo anali ataitana abale, anansi, ngakhale wometa tsitsi wa pakona.

Ntchito yake sinali yachilendo kwa iwo. Mawu ochokera m'dikoda ya dishi amadutsa m'kabokosi ka mabowo asanu ndi limodzi, bowo lililonse ndi waya wake wopita ku makina a holo: la sipika ya kumanzere, ya kumanja, ziwiri za kumbuyo, sipika yachimphona ya mawu ogunda pansi, ndi yapakati yobisika kuseri kwa chinsalu. Atakhuthula kabati yonse, bambowo anapeza mawaya asanu okha okwana m'mabowomo. M'sitolo za pafupi munalibe. Amene anali nawo chikwama tho anali mchimwene wa mayiwo, woika madishi pamadenga a anthu. Koma alamu awiriwa akakumana kunali kutoserana basi. Woika madishiyo ankakonda kunena kuti alamu ake anatsalira m'nthawi ya mafilimu opanda mawu, ndipo bambowo anali atalumbira kuti sadzamupempha ngakhale msomali.

Lachisanu mayiwo anawapititsira chakudya kuholo, n'kuwapeza akuyesa makina ndi mpira. Khamu la m'bwalo linkaphokosera kumbuyo, kumanja, kumanzere, mipando ikunjenjemera. Mayiwo anamvetsera pang'ono.

"Nanga wofotokoza mpira uja ali kuti?"

"Amalongolola kwambiri ameneyo. Ali m'bowo lapakati, ndalisiya."

"Mwalisiya kapena waya wakutherani?"

Bambowo anatsegula chakudya n'kuyamba kuchiyang'anitsitsa.

"Bambo ake, achimwene ali pafupi pomwepa. Kapempheni."

"Kuti akandiseke mpaka chaka chamawa? Tamverani, mayi ake. Sipika yapakati ndi ya olankhula. Mwana wathu sakukalankhula, akukaimba. Nyimbo imabwera m'mbalimu."

"Ndiye ndikapempha ine."

"Mukatero mwandivula pamsika."

Mayiwo anali atatopa, kunyumba ntchito ili mbwee. Anaganiza kuti munthu amene wadya zaka zake zonse m'kachipinda ka makina sangasokere pakhomo pake. Anatola mbale zawo n'kumapita.

Loweruka holo inadzaza. Kwaya itayamba, ngakhale mayiwo anavomera mumtima kuti amuna awo aigwira ntchito: mawu aakulu ankadutsa m'mimba, kuwomba m'manja kunkachokera kumbuyo moti azakhali ena anacheuka kufuna kuona amene walowa. Pakawindo ka chipinda cha makina pankaoneka mutu wa bambowo, ukugwedezeka ngati wa tambala.

Kenako kwaya inakhala chete, mtsikana wina n'kusendera kutsogolo. Nkhope yake inadzaza chinsalu chonse, kachipsera ka pachipumi kamene anakapeza pogwa m'mtengo kakuoneka bwinobwino. Limba linayamba pansipansi. Mwanayo anatsegula pakamwa.

Zii. Kunkangomveka limba lokha, ndi kamphekesera ka mawu kumbuyo, ngati munthu akuimbira m'chitsime chakutali. Khosi la mwanayo linkagwira ntchito, maso atatsinzina, koma mawu ake onse anali m'bowo lija losiyidwa.

Mayiwo sanadikire kuti anthu ayambe kunong'ona. Anakwera masitepe, mawondo akulira, n'kupeza amuna awo atagwada pansi pa tebulo, thukuta lili kamukamu. Ankafuna kuzula waya wa kumbuyo kuti amuike pakati, koma dzulo lake anali atamanga mawaya onse pamodzi ndi tepi, mwaudongo, kuti alamu awo akasuzumira asapeze chonena. Tsopano ankailuma tepiyo ndi mano.

"Musayankhule kanthu, mayi ake."

"Ndilibe nthawi yoyankhula. Lumani."

Anawaunikira ndi foni. Tepi itaduka, bambowo anazula waya wa kumbuyo uja. Wayayo anaphonya bowo, anaphonyanso, kenako n'kulowa. Mawu a mwanayo anatulukira pakati pa chinsalu, oyera, okhwima, osati a kamtsikana kobisala kuseri kwa chitseko kaja. Mayiwo anakanikiza nkhope pakawindo. Anamva mzere umodzi, wotsiriza, wokoka pang'onopang'ono mpaka kuzimirira. Anthu m'holo anaimirira n'kuwomba m'manja, nyimbo itatha.

Pakhomo pa kachipindako panafika woika madishi uja, akupuma mwawefuwefu, waya ali m'manja. Anali atachoka pampando wake m'holomo n'kuthamangira kugalimoto yake. Anayang'ana alamu ake ali chigwadire, tepi itamatirira pamlomo.

"Alamu, kuseka ndikadakusekani ndithu. Koma waya ndikadakupatsani."

Bambowo analandira wayayo ndi manja awiri. Palibe anaseka.

M'mawa mwake mayiwo anali pabeseni, zovala za sabata yonse zitaunjikana. Amuna awo, amene chikwatiraneni sanagwirepo ndowa, anali atatunga madzi osatumidwa, ndipo ankazungulirazungulira pafupi ngati nkhuku yofuna poikira. Foni inalira.

"Amayi, munandimva?"

Bambowo anaima, ndowa ili m'manja.

"Ndinakuona nyimbo yonse, mwanawe. Kumva ndinamva mzere wotsiriza, ndipo wandigoneka wokhuta. Yotsalayo udzandiimbira pakhonde pano ukabwera."

"Mzere umodzi? Chinachitika n'chiyani?"

"Bambo ako ali pompano. Akufotokozera okha, ndi odziwa za mawaya."

Anawapatsira foni. Bambowo anatsokomola, n'kuyamba kulowera nayo kuseri kwa nyumba, mawu atatsika: "Mwana wanga, ukudziwa kuti kabokosi kaja kali ndi mabowo asanu ndi limodzi..." Posakhalitsa kunamveka kuseka kwa mtsikanayo, kukutulukira m'foni mpaka pabeseni.

Mayiwo anapukusa mutu. Munthu wabwino, wokonda mwana wake mpaka kum'bwerekera holo yathunthu, koma kulephera kubwereka waya mmodzi. Akuluakulu sananame: mbewa ya manyazi inafera kuuna. Anakoka malaya a amuna awo pamulu, napaka sopo pakolala, n'kuyamba kufikisa.