Nyimbo Imene Alberto Anatola Kudambo

M'chaka cha 1956, pasikola yofolera udzu ya ku Mualadzi panafika mphunzitsi wochokera ku Tete, dzina lake Alberto. Anthu ankamutchula kuti Apulofesolo. Khutu lake linali lakuthwa pa nyimbo, koma logontha pa malangizo.

Ana ankavutika kuwerengera m'Chipwitikizi. Tsiku lina akupalasa njinga, Alberto anamva amayi akuimba kutsidya kwa dambo. Sanatsike kuti aone chimene chinkachitika. Anangotola kaimbidweko n'kuikamo mawu ake akuti um, dois, três, kuti ana aziloweza.

Patapita sabata, amayi Elesi, amene ankasesa pabwalo la sikola, anamumva akuyeserera. Anasiya kusesa n'kumuyandikira.

"Apulofesolo, nyimbo imeneyo mwaitenga kuti? Musaimbitse ana musanafunse eni mudzi."

"Inu gwirani tsache lanulo. Za nyimbo munaphunzira kuti?"

Ana atalowa, Alberto anaitsogolera nyimbo ija. Onse anangoti zii, maso pansi. Atakweza palamatoliya, thabwa lija lomenyera m'manja, timawu tinayamba kutuluka monjenjemera. Koma Generosa, kamtsikana kamene kanajomba masiku asanu mphunzitsiyo osafunsa chifukwa, kanatseka pakamwa, misozi ili mbwembwembwe.

"Imba!"

"Sindingathe, Apulofesolo."

"Tambasula dzanja!"

Anakamenya mpaka zikhatho zinatupa ngati chule.

Dzuwa lisanapendeke, a Yosiya, bambo wa mwanayo, atamva nkhaniyo anatulukira kuchokera kumunda, khamu la makolo lili pambuyo.

"Inu, mukudziwa chimene mwaimbitsa ana athu? Ija ndi nyimbo yotsitsira mtembo m'manda! Amayi munawamva kudambo aja ankaika mkazi wanga, mayi wa mwana uyu. Dothi la pamanda silinaume n'komwe, inu mwasandutsa maliro anga choseweretsa. Ngati kuti sizinakwane, mwamumenyanso mwana wamasiye chifukwa cholira mayi ake!"

"Pepani, sindinadziwe," anatero Alberto.

"Simunadziwe? Munafunsa yani? Pakamwa panupo m'pongokalipira basi? Onani manja awa! Onani!"

A Yosiya anakweza timanja totupato kuti aliyense aone. Amayi ena anayamba kulira mokweza, ena kulavula pansi. Kholo lililonse linalowa m'sikolamo n'kukoka mwana wake padzanja. Alberto anayesa kuwaopseza kuti akawanenera kwa Azungu, koma palibe anacheuka.

Alberto anaimba belu m'mawa uliwonse kwa mwezi wathunthu, ndipo ankangoyankhidwa ndi nkhuku. Wansembe woyendera masikola atafika n'kupeza mipando yokhayokha, anamva nkhani yonse, ndipo anamuchotsa ntchito tsiku lomwelo. Alberto anachoka pa Mualadzi popanda womuperekeza, ngakhale womupatsa madzi akumwa.

Chotsekemera m'khutu anachimeza osadziwa kumene chachokera. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.