Jekete la Ukapitawo

Banja lonse linali pamkeka likudya chakudya chamadzulo, koma bambo a m'nyumbamo anakhala pampando, atavala jekete lachikasu la ukapitawo, makiyi a kuntchito ali pambali pa mbale.

"Bambo a ana, kodi jeketelo nalonso lili ndi njala?" anafunsa mkazi wawo. Ana anabisa nkhope m'manja.

Iwo sanaseke. Kumalo ochekera matabwa kumene ankagwira ntchito ankatchedwa a Chifatse, poti anali munthu wosadziwa kukalipira ngakhale nkhuku. Koma kapitawo atapita ku tchuthi cha mwezi umodzi n'kuwasiyira jekete ndi makiyi, mawu awo anasintha ngati a tambala wongoyamba kulira. Palibe anawauza kuti azikalipa. Ankangoona kuti wovala jeketelo amayenera kutero. Anayamba kuyenda manja ali kumbuyo, lole ya kampani inkawatenga pamsewu m'mawa uliwonse, ndipo anaika lamulo lawolawo: seveni koloko ikangokwana, geti lizitsekedwa.

"Achimwene anabwera kuno masana," anatero mayiwo. "Akuti mwawabweza pageti."

"Anachedwa."

"Ndi mphindi zisanu! Anali kuchipatala ndi mwana. Si omwewa akhala akukukwezani panjinga zaka zisanu ndi chimodzi?"

"Pakhomo pano ndi alamu anga. Pageti ndi wantchito. Mukufuna anthu aziti kapitawo amakondera?"

"Mwezi watha lero, bambo. Pitani mukawapepese kusanache."

"Kapitawo sapepesa wantchito."

Mayiwo anangotola mbale.

M'mawa mwake a Chifatse anaima pamsewu, jekete ali atalipinda pamkono kuti akabweze. Lole inadutsa osaima. Kapitawo weniweni, mwini mpando wakutsogolo, anali atabwerera. Posakhalitsa belu la njinga linalira. Anali alamu awo aja, kaliyala ili yopanda munthu.

"Mwadzuka bwanji, akapitawo?" anatero alamuwo, phazi osaponda pansi. "Ndikanakutengani, koma anthu awiri njinga imalemera. Ndikuopa geti."

Anapalasa n'kumapita.

A Chifatse anadulira njira yachidule ya m'udzu, imene anali asanaipondepo kwa zaka zambiri. Mame anawanyowetsa thalauza mpaka m'mawondo, nsapato zikulira ngati achule. Anafika seveni koloko itapitirira pang'ono, geti lili chitsekere.

"Tsegulani, amwene, ndine," anatero ndi mawu awo akale aja, ofatsa.

Mlonda anakanda m'mutu. "Ndakuonani, bambo. Koma lamuloli ndi lanu lomwe, ndipo akapitawo alikonda. Ingondipatsani jekete ndi makiyi ndikapereke."

Anazipereka kudzera pamwamba pa geti. Mkatimo makina anayamba kulira, alamu awo akunyamula thabwa ndi munthu wina. A Chifatse anakhala pamwala, navula nsapato, nayamba kufinya miyendo ya thalauza.

Akuluakulu anaziona kale izi: ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame.