Matimati a Nasimango

Pamudzi pena panali bambo wina amene mkazi wake, Nasimango, ankalima matimati m'kadimba kuseri kwa nyumba. Mbewu yake sinali yogula kusitolo. Anamusiyira ndi amayi ake, ndipo chaka chilichonse ankasankha matimati akupsa bwino, n'kufinyira njere pakansalu, n'kuyanika. Chaka china anafesa njere zonse osasungako, nawokera mbande. Maluwa asanatuluke, anadwala n'kumwalira.

Bamboyo anatsala ndi kadimbako. Ankathirira m'mawa ndi madzulo, manyowa osaumira. Koma kuchotsa mphukira, zija zimatulukira m'khwapa mwa tsamba, ayi ndithu. Mkazi wake ankangozitsina ndi chikhadabo akudutsa. Bamboyo akagwira kamphukira, ankangokasiya. Chinthu chobzala malemu, achidule bwanji?

Tsiku lina mlamu wake, mng'ono wa malemuyo, anasuzumira pampanda.

"Alamu, matimati safuna chisoni. Tsinani mphukirazo zikadali zanthete."

"Asiyeni, alamu," anatero bamboyo. "Akule mmene akufunira."

Ndipo anakuladi! Timitengo tochirikiza tinagwa. Nthambi zinapiringizana mpaka kadimba kanasanduka tchire, mphepo yosowa polowera. Masamba apansi anayamba kuda ndi matenda a chiwawu. Zipatso zinali zowerengeka, zing'onozing'ono, zosafuna kupsa. Apa ndi pamene mantha anamugwira munthu uja. Pakapanda kupsa ngakhale chimodzi, ndiye kuti mbewu ya Nasimango yathera m'manja mwake.

Sanafunse munthu. Dzuwa lili paliwombo, m'nyengo yotentha, anatenga chikwanje. Chikhadabo chimasankha, koma chikwanje sichidziwa nthambi yabwino. Anasadza zonse tsiku limodzi, akudula tsinde lodwala n'kupita nacho chikwanje chomwecho pa lamoyo. Pomaliza, tizipatso tija tinatsala pamtetete, popanda tsamba lotiphimba.

Dzuwa linatiwaula. Tinayera mbali imodzi n'kuyamba kuwola. Mabala a chikwanje anada, matsinde nafota limodzilimodzi.

Bamboyo anatola kachipatso kotsiriza, natenga kansalu kaja ka mkazi wake, nafinya. Munatuluka madzi onunkha ndi tinjere tosakhwima, topanda kanthu m'kati. Anakhala pansi pakati pa matsinde ouma, nalira kuposa tsiku la maliro. Tsiku lija inamulanda ndi imfa. Tsiku ili analibe womuloza chala.

Inu amene mukundimva, pali kanthu kamene mukukalekerera poti mtima sukulola, kaya ndi kakhalidwe koipa ka mwana wanu, kaya kanu komwe. Kachotseni lero, pamene chikhadabo chikadakwanira. Mukachedwa mudzabwera ndi chikwanje, ndipo simudzapulumutsa ngakhale njere imodzi.