Mchere wa Njati ndi Mapira a Sakhwi

Kalekale, ana inu ndi akuluakulu omwe, kuchigwa kotentha kuja kudagwa chilala. Mvula idangowaza kawiri n'kuleka. Nyama zitagawana minda, Njati adatenga dothi lonse lakuda. Sakhwi, kanyama ka mphuno yaitali kaja, mayi wa ana anayi, adatsala ndi kamunda ka kumapeto, komwe dzuwa likaomba nthaka inkatuwa mbuu ndi mchere.

Tisamunamizire Njati, sadali waulesi. Kulima ankalima ndithu. Vuto lake lidali lilime. M'mawa uliwonse ankalowa m'munda mwa Sakhwi kukanyambita mchere, lilime pansi nyambi nyambi, ziboda pamapira phwa phwa. Mapira opulumuka ziboda ankafota ndi mchere. Sakhwi adadziwa kuti akatha amenewa, ana ake safika masika.

Tsiku lina masana Sakhwi adabisala dzuwa pansi pa kamulu ka udzu wouma. Adaponda, namva kuzizira. Adafukula ndi mphuno: dothi lachinyezi, mchere palibe. Adayang'ana munda wa Njati, momwe mapesi a chaka chatha adali mbwee, nayang'ananso timanja take. Phesi limodzi akadalikoka mpaka madzulo.

Kutacha, Njati adafika.

"Mwadzuka bwanji, alamu?" adatero Sakhwi. "Koma inu mumandimvetsa chisoni. Munthu wamkulu chonchi, kumadya zotsala?"

"Zotsala za yani, iwe kamphuno?"

"Za dzuwa. Limayamba ndi ilo kunyambita, inu n'kumapeza makombo. Mchere weniweni, wa zibuma, umafuna kubisidwa. Mukaphimba nthaka yonseyi ndi mapesi, osapondamo miyezi itatu, mudzachita kutafuna."

Malovu a Njati adayamba kugwa. "Nanga timapira takoti?"

"Tisiyeni, tikhale mpanda. Ena akaona mbewu salowamo."

Njati adasenza, adasenza, adasenza. Adakokolola mapesi onse m'munda mwake mpaka mudatsala mwa see, nawayala mwa Sakhwi, nasiya mipata pomwe padali mapira. Ntchito adaigwira bwino, zimenezo tivomereze.

Pansi pa mapesi madzi adaleka kuthawa, mchere udaleka kukwera. Mapira adadzuka, masamba biriwiri. Zoona, mapesiwo adaitana chiswe, ndipo mapira ena a m'mphepete adagwa nacho. Koma chiswe kwa Sakhwi ndi ndiwo. Ana ake adanenepa mapira asanache n'komwe.

Njati ankangozungulira kunja. "Wakhwima?"

"Ayi alamu, musasuzumire, dzuwa likuonerani."

Mwezi wachitatu utatha, ngala zili lende lende, Njati adabwera ndi dengu lalikulu. Adavundukula mapesi ndi nyanga. Dothi lakuda, nyongolotsi ili nyakwi nyakwi. Adavundukula pena. Chimodzimodzi. Adanyambita, nalavula.

"Sakhwi! Wadya mchere wanga!"

Sakhwi adali atakwera kale pachulu, pafupi ndi una wake. "Ine, kamimba aka? Mchere wanu ulipo, alamu, wangosamuka. Munali liti kumunda kwanu?"

Njati adatembenukira kumunda kwake. Miyezi yonseyo maso ake adali pamunda wa mnzake. Adathamanga, fumbi kobo. Atafika adapeza dothi lake lakuda lija, lomwe adalivula yekha, lang'ambika ming'alu, mapira atauma, nthaka yonse yatuwa mbuu kuyambira kuno mpaka uko.

Adanyambita tsiku loyamba. Adanyambita lachiwiri. Lachitatu adabwerera kwa Sakhwi, kukhosi kuli gwa, mimba ili pepuu.

"Mayi Sakhwi," adatero, mawu ali pansi, "mchere sukhutitsa."

Sakhwi adamudzazira dengu lomwe lija ndi mapira. "Tengani, n'zanu. Nzeru zidali zanga, koma msana udali wanu. Chaka chino mapesi tigawana, ena kwanu, ena kwanga."

"Nanga mchere?"

"Tisiya kangodya kamodzi kosaphimba. Muzikanyambita kumeneko, kutali ndi mapira anga."

Mpake mpaka lero mukaona Njati akunyambita nthaka, amatero patchire, osati m'munda. Nthano yanga yathera pomwepa. Inu amene mumatentha mapesi kuti munda uoneke waukhondo, lilime lanu likhale lalitali, pakuti mchere mudzaukolola wambiri.