Amene Anadya Ntchito ya Enelesi

Kalekale, osati kale la makolo ayi, koma lija makompyuta akadali zimabokosi zokhala pansi pa tebulo, pasukulu ina panali mayi wotayipa mayeso dzina lake Enelesi. Anagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi popanda womuloza chala. Kenaka kompyuta yake inayamba nthenda. Masana kukatentha inkangothima yokha, mayeso onse n'kusowa. A hedi anayamba kumuyang'ana ndi diso lofiira.

Woyamba kuitanidwa anali Lusiyano, mwini shopu ya makompyuta kuboma. Asanatsegule bokosilo, a Likongwe, okonza mawailesi pageti pa sukuluyo, anasuzumira pakhomo. Iwo anali atamva kafungo ka waya wopsa ndi fani yolira mopereweza. Anati atsegule pakamwa, Lusiyano anaseka.

"Madala, iyitu si wailesi. Kazipitani."

Lusiyano anati vuto ndi disiki. Anaika yatsopano, yakale n'kuifufuta, ntchito yonse ya Enelesi ili momwemo. Patatha masiku atatu, nthenda inabwerera.

Achiwiri anali a Chimbalanga, a masatifiketi odzaza khoma. Iwo anazula ziwalo chimodzichimodzi n'kumakaziyesa m'kompyuta yawo. Zonse zinayenda bwino, nanga kumeneko si zinkadya magetsi abwino! Kabokosi kogawa magetsi, kaja amati pawa sapulayi, sanakakhudze n'komwe.

"Makinawa alibe vuto, bwana. Vuto ndi manja a owagwiritsa ntchito," anatero kwa a hedi.

A Likongwe anamva zonsezi. Enelesi ankawapatsa moni m'mawa uliwonse pageti, maso atatupa ndi kulira, iwo n'kumangoyankha moniwo. Ankadikira kuti ophunzirawo achite manyazi kaye.

"Bwana, manja omwewa ndi amene akhala akukutayipirani zaka zonsezi," anadandaula Enelesi kwa a hedi.

"Mayi, akatswiri anena. Siyani makiyi."

Anachoka mtima ukuwawa, ana asukulu akumusuzumira pazenera. Mbiri inawanda kuti ndi wowononga makina, moti palibe ofesi inamulembanso.

Wotayipa watsopano asanathe sabata, bokosi lija linafuka utsi. Pamenepo mpomwe anakumbukira a Likongwe. Iwo anagunditsa mita yawo yoyezera magetsi pamawaya a pawa sapulayi: pofunika magetsi a mavolti khumi ndi awiri pankatuluka asanu ndi anayi, nawonso akuvinavina. Anasintha kabokosi kaja, nthenda n'kutheratu.

"Ine ndinadziwa tsiku loyamba lomwe lija," anatero, osachita ngakhale manyazi.

Uthenga unamupeza Enelesi pamsika akugulitsa matemba. Ntchito ndiye sakanam'bwezera, poti wotayipa watsopano uja anali atasaina kale. A hedi anati iwo anangomvera akatswiri, koma atumiza anthu adzapepese.

Enelesi anapukuta manja pachitenje. "Musanditumizire gulu. Abwere mmodzi yekha, amene anadya ntchito yanga."

Tsono inu, tidzutse ndani ulendo wa kumsika? Lusiyano amene anangolota, a Chimbalanga amene anayesa zonse n'kuloza munthu, kapena a Likongwe amene ankadziwa koma n'kukhala chete? Kapena pali wina amene tikumuopa kumutchula?