Thumba la Mtovu Pansi pa Chishalo

Panali munthu wina, wamfupi ndi wochepa thupi, amene ntchito yake inali kukwera akavalo a mpikisano m'dziko lina lakutali. Pa akavalo onse amene anawakwerapo, anali ndi mmodzi wapamtima, wofiirira, amene anamulera yekha kuyambira ali kamwana kogwedera miyendo.

Mwini wake wa kavaloyo anali mkulu wina amene zinthu zinali zitamuthina. Chaka chimenecho kunali mpikisano waukulu, wakuti akavalo ake amachita kubwera pandege kuchokera m'mayiko ambiri. Mkulu uja anaitana wokwerayo nati, "Mwana wanga, sindikubisira. Kavaloyu akapanda kufika pa atatu oyamba, ndimugulitsa. Ogula alipo kale, ndipo ndi anthu opha akavalo n'kugulitsa nyama."

"Ndamva, bambo," anatero wokwerayo.

Tsono mpikisano umenewu uli ndi lamulo lake lodabwitsa. Kavalo wamphamvu samupeputsira, amamuwonjezera katundu. Akuluakulu a mpikisano amayang'ana mmene wakhala akupambanira, n'kulamula kuti pansi pa chishalo chake paikidwe thumba la mtovu, chitsulo cholemera kwambiri. Wofiirira uja, poti liwiro lake linali lodziwika, anamupatsa thumba lolemera kuposa la anzake ambiri.

Tsiku la mpikisanolo bwalo linadzaza. Azimayi anabwera ndi zipewa zazikulu ngati malichero, azibambo ali m'masuti dzuwa likuswa mtengo. Ndipo sanali okhawo. M'mayiko ambiri anthu anali atabetcha, ena pafoni, ena m'tinyumba tija tobetchera timene mumatidziwa ndi kuno komwe. Ambiri anaika ndalama zawo pa wofiirira. Anthu obetcha ndimawadziwa ine. Munthu sanakwerepo ngakhale bulu, koma akangogula tikiti, basi wasanduka katswiri wophunzitsa akavalo.

Zitseko za poyambira mpikisano zinatseguka, akavalo n'kuliyatsa liwiro. Wofiirira anadutsa mmodzi, anadutsa wina, ndipo pofika pokhota pomaliza anali patsogolo pa onse. Pamenepo ndi pamene lamba wa thumba lija anaduka. Wokwerayo analimva likutsetsereka pansi pa bondo lake.

Manja anali nawo awiri basi. Lamanzere linagwira zingwe, lamanja linagwira chikoti. Akanalileka thumbalo kuti ligwe, palibe akanamunena kuti wataya dala, ndipo kavalo atapepukidwa akanawasiya anzake kutali. Koma iye ankadziwa chimene chimadikira munthu kuseri kwa mzere womaliza. Aliyense akatsika pakavalo amakwera pasikelo, chishalo ndi thumba zili m'manja, ndipo wopezeka wopepuka amachotsedwa pampikisano, ngakhale akhale kuti anafika woyamba.

Anataya chikoti. Anawerama, nagwira thumba lija ndi dzanja lamanja, nalikanikiza panthiti za kavalo.

Bwalo lonse linakuwa. "Wapenga kodi? Menya kavaloyo!" Ena ankati, "Amugula ameneyu!" Iye ankazimva zonsezo, ndipo zinkamupweteka. Mtovu unkamukoka phewa ngati ulizula, mantha nawo anamugwira, koma zala sanamasule. Anatsitsa mutu pafupi ndi khutu la kavalo nati, "Tiye, mnzanga. Limeneli tifika nalo."

Kavalo wina wakuda anawapeza, nawadutsa pang'ono chabe, kutalika kwa khosi. Wofiirira anafika wachiwiri.

Obetcha anang'amba matikiti, ena n'kumamutukwana mpaka makolo ake. Sanadziwe kuti thumbalo likanagwa, matikiti omwewo akanawang'ambabe, atavina kaye pachabe. Wokwerayo anatsika osayang'ana munthu. Anakwera pasikelo phewa litaguluka, dzanja lidakali lofumbata thumba. Woyeza anayang'anitsitsa, kenako anavomera ndi mutu. Kulemera kunali kokwanira, ndipo malo achiwiri anakhala akedi.

Mkulu uja anafika misozi ili m'maso. Dzanja la wokwerayo linali litauma pathumbapo, moti mkuluyo anachita kumumasula zala chimodzichimodzi. Madzulo a tsikulo kavalo anabwerera m'khola lake.

Abale anga, ena mwa inu muli ndi ana a malemu achimwene anu m'nyumba. Ena mukusamala mayi amene sadzukanso pamphasa. Katunduyo anadza kwa inu chifukwa pabanja panupo amphamvu ndinu. Ndipo alipo anzanu amene amakuuzani kuti, "Abwezereni kumudzi anawo, muone mmene mungatukukire." Sakunama ayi, mudzathamangadi. Koma okuwawo sali pakavalo, ndipo tsiku loyezedwa sadzakwera nanu pasikelo.

Ndikudziwa kuti manja ndi awiri okha, ndipo phewa likupweteka. Ngati n'kutaya, tayani china. Anzanu akupitirireni, nyumba ya malata ija idikire chaka china. Koma mwanayo mugwireni zolimba, mufike naye.